Kakompyuta ka GPS ka pa njinga: katsopano kosamaliza kapena kakale kokhazikika?

Makampani opanga timakompyuta ta GPS ta pa njinga atengera chizolowezi chimene chikundidetsa nkhawa. Amatulutsa kachipangizo pamsika pulogalamu yake ya m'kati asanaimalize, n'kulonjeza kuti zotsalazo zibwera ndi update, pulogalamu yokonzedwanso yotumizidwa pa intaneti, m'miyezi ya kutsogoloku. Kwa wokhala ku London kapena ku Berlin nkhaniyi ndi yopepuka, chifukwa kakamukhumudwitsa amakabweza kusitolo n'kulandira ndalama yake. Ife a kuno ku Harare mwayi umenewo tilibe. Kachipangizo kamatifika m'chikwama cha alamu ochokera ku Johannesburg, kapena kudzera kwa amalaicha, madalaivala onyamula katundu odutsa pa Beitbridge, ndipo kakafika kafika basi. Madola 300 kapena 600 amene mwatulutsawo sabwereranso. Ndiye anzanga opalasa nawo Loweruka m'mawa akamafunsa kuti agule kati, dzina la kampani ndimaliika pambuyo. Choyamba n'kudziwa zimene kachipangizoko kakutha kuchita lero lino, kali m'manja mwanu.

Ntchito yake yeniyeni si yambiri. Kamamva masetilaiti a GPS amene amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, n'kuwerengera pamene muli, liwiro lanu ndi mtunda umene mwapalasa. Tamakono timamvanso masetilaiti a Galileo a ku Ulaya, GLONASS a ku Russia ndi BeiDou a ku China. Kamasunga ulendo wonse m'fayilo imene mukafika kunyumba mumaitumiza ku Strava, app yosunga ndi kuonetsana maulendo a opalasa. Kamalumikizana ndi lamba wa pachifuwa woyeza kugunda kwa mtima kudzera pa Bluetooth kapena ANT+, njira zolumikizirana popanda chingwe. Todulirapo timakhala ndi mapu ndipo timakuuzani pokhota. Zimenezi, kuphatikizapo batire loti likubwezeni kunyumba lisanathe, ndiye maziko. Zina zimene amalemba ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni n'zongowonjezera.

Ndinene poyera kuti ambiri mwa ife sitifunikira kugula kalikonse. Ngati njinga yanu ndi yopitira kuntchito, kuchoka ku Mufakose kapena ku Mabvuku kulowa m'tauni, foni imene muli nayoyo ikukwanira. Ikanimo Strava, yatsani ponyamuka, foni m'thumba. Mukafuna mapu osadya bandulo, OsmAnd ndi Organic Maps amalola kusunga mapu a Zimbabwe yense m'foni momwemo. Ndalama yotsalayo gulirani matayala abwino, nyali ndi helimeti, zimene pa Seke Road madzulo zingakupulumutseni kuposa GPS iliyonse. Vuto la foni limayamba mukaimangirira pa chiwongolero. Dzuwa la October limaitenthetsa mpaka sikirini kuzilala yokha, batire limatha ulendo uli pakati, maenje a mumsewu amaigwedeza tsiku lonse, ndipo pa maloboti a m'tauni foni yoonekera poyera imakopa akuba. Choopsa kwambiri n'chakuti mukagwa kutali ndi kwanu, chinthu choimbira abale ndicho chimayamba kusweka. Munthu amene wayamba maulendo a maola anayi kapena asanu, ku Domboshava, ku Mazowe, ku Lake Chivero, ameneyo ndiye wafika pofuna kachipangizo kapadera.

Pakati pa foni ndi mayina akuluakulu pali gulu limene anthu amalinyoza popanda chifukwa: iGPSPORT ndi Magene za ku China, Bryton ya ku Taiwan, ndi tina monga XOSS ndi Cycplus. Totchipitsitsa timangoonetsa manambala pa sikirini yopanda mitundu, mapu mulibe, koma batire limakhalitsa ndipo ulendo umafika ku Strava bwinobwino. Pulogalamu yake ndi yaing'ono, choncho zoti zisokonekere n'zochepanso. Pofooka pake ndi pa kulondolera njira. Tambiri timangojambula mzere woti muutsate, ndipo mukaphonya pokhota sititha kukupezerani njira ina. Musanagule funsani ngati kali ndi barometer, kachida koyeza kukwera ndi kutsika potengera kulemera kwa mpweya. Kopanda barometer kamayerekeza zitunda ndi GPS yokha, ndipo manambala ake a kukwera sadalirika.

Garmin ndi imene mungaione pa njinga zambiri. Kampaniyi inayamba mu 1989 ku America, ndipo timakompyuta take ta njinga timatchedwa Edge. Edge 530 ndi 830 zinatuluka mu 2019, Edge 1040 mu 2022, Edge 540 ndi 840 mu April 2023, kenako Edge 1050 mu June 2024. Kusiyana kwa 540 ndi 840 n'kwakuti 540 ndi ya mabatani okhaokha pomwe 840 ili ndi mabatani komanso sikirini yodina ndi chala, ndipo malo osungira mapu mu 840 ndi 32GB pomwe mu 540 ndi 16GB. Potuluka, 540 inali pafupifupi madola 350 ku America, 840 inali 450. Kuno onjezeranipo ya wonyamula ndi ya msonkho. Ubwino wa Garmin kwa ife ndi wakuti siitsamira foni kwambiri. Mapu ali m'kati, njira imawerengedwa m'kati momwemo, ndipo mukailumikiza ku kompyuta ndi chingwe mumatha kukopera mafayilo anu nokha. Kampaniyi ilinso ndi ofesi ku South Africa, komwe n'kufupi kuyerekeza ndi kutumiza katundu kutsidya kwa nyanja. Chotopetsa chake ndi mamenyu. Ndi ambiri, obisika m'kati mwa anzawo, moti sabata yoyamba munthu amatuluka thukuta kufunafuna pozimitsira kaphokoso kamodzi kokha.

Pa Garmin pomwepa pali chitsanzo chabwino choti chatsopano sichimapambana chakale pa zonse. Edge 1050 inabwera ndi sikirini yowala ngati ya foni, yokongola ndithu, pa mtengo wa madola pafupifupi 700. Koma kuwalako kumadya batire. Kampaniyo yokha imalemba maola 20 pa 1050 ikamagwira ntchito yolemera, pomwe pa 1040 yakaleyo imalemba 35, ndi 45 pa 1040 Solar imene imatapa mphamvu ku dzuwa. Ife dzuwa tili nalo lambiri, magetsi ndi amene amatisowa. Kwa munthu amene kwawo magetsi amabwera pakati pa usiku n'kuchoka kusanache, 1040 ndi yanzeru kuposa 1050.

Musaganize kuti kukhazikika kwa Garmin kukutanthauza kuti siipunthwa. Mu January 2025 mawotchi ake ambiri pamodzi ndi timakompyuta tina ta Edge tinayamba kuzima n'kuyaka tokha, sikirini itaima pa chizindikiro cha buluu cha makona atatu. Gwero lake linali kafayilo kamene kampani imatumiza kuti kachipangizo kapeze masetilaiti msanga. Kanatumizidwa kolakwika, ndipo anthu ena anachita kufufuta zonse n'kuyambiranso. Mu July 2020 akuba a pa intaneti anatseka makompyuta a kampaniyo, app yake yolandira maulendo yotchedwa Garmin Connect n'kukhala masiku angapo osagwira ntchito. Nthawi imeneyo maulendo a anthu sanatayike. Anali m'kachipangizo, ndipo amene ankadziwa kukopera ndi chingwe anawatumiza ku Strava osadikira munthu. Kuchokera pamenepo ndimafunsa za kachipangizo kalikonse kuti, kampani yake itangokhala chete sabata yathunthu, kangapitirize kugwira ntchito?

Wahoo, ya ku Atlanta, inatchuka chifukwa cha kuphweka. ELEMNT BOLT yoyamba inatuluka mu 2017, ROAM mu 2019, BOLT yachiwiri mu 2021, ROAM yachiwiri mu 2022. Pafupifupi zonse mumazikonza pafoni, kumene kulemba ndi kusankha n'kosavuta, ndipo mabatani awiri a m'mbali amakuza kapena kuchepetsa manambala pa sikirini. Achikulire amene maso ayamba kuvuta amaikonda chifukwa cha zimenezi. Batire la BOLT yachiwiri amalemba maola 15, la ROAM yachiwiri 17, zokwanira ulendo wa tsiku limodzi. Koma kampani yomweyi ndi imene mu December 2024 inatulutsa ELEMNT ACE, yaikulu, yolemera magalamu oposa 200, yokhala ndi kachida koyeza mphepo, pa madola pafupifupi 600. Inabwera ndi pulogalamu yatsopano ndi app inanso yapafoni, ndipo zinthu zina zimene ELEMNT zakale zotchipirapo zinkachita kalekale, mu ACE munalibe tsiku loyamba. Anthu anauzidwa kuti adikire. Kulipira ndalama zambiri n'kulandira zochepa kuposa mnzako amene ali ndi yakale, zimenezo zimapweteka mtima, ndipo kwa ine si chilungamo.

Hammerhead Karoo ndi nkhani ina. M'kati mwake muli Android, sikirini yake ndi yokongola, mapu amaoneka bwino kwambiri, ndipo kampaniyi inadziwika ndi kutulutsa update pafupipafupi. Anthu ena amakonda zimenezo, amaona kachipangizo kawo kakukula mwezi ndi mwezi. Karoo 2 inatuluka mu 2020, ndipo yotsatira yake mu May 2024 pa madola pafupifupi 475, batire lake maola 15 malinga ndi kampani. Chimene ndikufuna muchidziwe ndi cha mu 2022. Kampani ya SRAM, yopanga magiya, itagula Hammerhead, Shimano imene amapikisana nayo inaletsa kuti Karoo izionetsa za magiya ake amagetsi a Di2, ndipo mu June chaka chomwecho update inachotsa zimenezo. Munthu anagula kachipangizo kakuonetsa giya imene ali, tsiku lina n'kupeza kasiya. Kunena zoona, ochepa kuno ali ndi Di2. Koma nkhaniyi ikusonyeza kuti update imatha kuchotsa chinthu, sikuti imangoonjezera. Karoo imafunanso Wi-Fi yodalirika kuti muzisangalala nayo, ndipo kwa wa bandulo yapafoni yowerengera, imeneyo ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi.

Coros Dura ndi imene imandikoka mtima kwambiri, komanso ndi imene imaonetsa bwino vuto lonseli. Inalengezedwa mu June 2024 pa madola pafupifupi 250, ndi batire limene kampani imati limafika maola 120, kuphatikizapo galasi lotapa mphamvu ku dzuwa. Taganizirani munthu wopalasa kuchoka kuno kudutsa ku Nyamapanda, Tete mpaka kulowa ku Mwanza osafuna pobaya tchaja. Kwa ife manambala amenewo ndi okoma. Koma potuluka, amene anaiyesa anadandaula kuti pulogalamu yake inali yosapsa. Mapu analibe mayina a misewu, ndipo mukasochera, njira yatsopano inkawerengedwa pafoni, kutanthauza kuti pamafunika netiweki. Ku Ulaya netiweki ili paliponse. Kuno mukangotsika m'chigwa kuseri kwa mapiri a Domboshava, foni imatha kungoti zii, ndipo m'malo otere ndi momwe munthu amasochera. Kampaniyo yakhala ikutulutsa ma update kuchokera nthawi imeneyo, choncho wofuna kugula lero afufuze bwino kuti zinthu ziwiri zimenezi zili pati pa pulogalamu imene ilipo panopa.

Tsono kusamaliza kumeneku tikuyeze bwanji? Sikuti kulikonse n'koipa mofanana. Tonse tikudziwa mabanja a ku Epworth kapena ku Caledonia amene amalowa m'nyumba ikadamangidwa. Zipinda ziwiri zofolera, chitseko chokhoma, ndipo anthu amakhalamo mwamtendere pamene khonde ndi pulasitala zikudikira ndalama. Koma palibe amene amagoneka ana m'nyumba yopanda denga mu December chifukwa choti mmisiri walonjeza malata mwezi wamawa. Pa kachipangizo, denga ndi izi: kasamazime pakati pa ulendo, kasataye fayilo, kasamasiyane ndi lamba wa pachifuwa, batire lifike pafupi ndi zimene analemba, ndipo kakulondolereni popanda netiweki. Chimodzi mwa izi chikasowa, musagule, ngakhale atalonjeza chotani. Koma ngati chosowacho ndi kupikisana ndi anzanu pa tizigawo ta Strava muli pa njinga, kapena kuyeza mphepo, kapena mitundu ya pa sikirini, limenelo ndi khonde, mukhoza kudikira muli m'kati.

Lonjezo la kampani muzilimva mosamala. "Zikubwera posachedwa" si tsiku. Nthawi zina amakwaniritsa, nthawi zina amachedwa chaka, ndipo nthawi zina chinthu cholonjezedwacho chimadzabwera pa kachipangizo kotsatira, kanu katasiyidwa. Njira yabwino yodziwira khalidwe la kampani ndi kuyang'ana mndandanda wa ma update umene amaika pa webusaiti yawo. Onani kuti kachipangizo ka zaka zitatu zapitazo akukakumbukirabe kapena ayi, ndipo onani ngati zimene analonjeza potulutsa zinafikadi. Mukamaonera mavidiyo a oyesa zipangizo pa YouTube, yang'anani tsiku. Ya sabata yotulukira imakuuzani za katoni ndi malonjezo. Ya patatha miyezi isanu ndi umodzi imakuuzani za mvula, thukuta ndi batire. Ine malangizo anga ndi oti kachipangizo katsopano mukapatse theka la chaka kali m'manja mwa anthu amene angathe kukabweza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekhako kuli ndi phindu linanso, chifukwa katsopano kakatuluka, kakale kamatsika mtengo, ndipo kakaleko ndi kamene zolakwika zake zinakonzedwa kale.

Update yokhayo kuno ili ndi mtengo wake umene opanga sauganizira. Ya pulogalamu si yaikulu kwenikweni, koma ya mapu imatha kufika ma GB angapo, ndipo pa bandulo ya foni imeneyo ndi ndalama ya ndiwo. Pezani malo a Wi-Fi, kuntchito kapena kwa m'bale. Batire likhale lodzaza musanayambe, ndipo ngati mukudzera pa kompyuta ya pa desiki yopanda batire lake, kumbukirani kuti magetsi akazima update ili pakati kachipangizo kakhoza kukana kuyakanso. Update ikatuluka musaithamangire. Dikirani masiku angapo mumve ngati ena akudandaula. Usiku woti mawa muli ndi ulendo wautali kapena mpikisano, musakhudze chilichonse. Amene amapita ku mipikisano ya ku South Africa ya 947 Ride Joburg kapena Cape Town Cycle Tour ya mu March asunge kwambiri mawu amenewa, chifukwa ulendo wa ndalama zambiri chonchi suyenera kuonongeka ndi batani limodzi.

Za mapu ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ambiri amakhumudwira. Mapu a timakompyuta timeneti amachokera kwambiri ku OpenStreetMap, mapu amene anthu wamba amajambula mongodzipereka kuyambira mu 2004. Misewu ikuluikulu ya Harare ilimo bwino. Tinjira ta fumbi ta kumidzi timapezekamo pokhapokha wina atatijambula. Komanso mzinda wathu ukusintha. Misewu ingapo inasinthidwa mayina, monga Enterprise Road imene tsopano ili ndi dzina la Pulezidenti Emmerson Mnangagwa ngakhale anthu amaitchulabe Enterprise. Pa Mbudzi pamene panali raundabauti, mu 2025 anatsegula Trabablas Interchange ya milatho yodutsana. Kachipangizo ka mapu akale kadzakuuzani kuti muzungulire pamalo pamene palibenso pozungulira, inu muli pakati pa mathiraki. Chinanso, zipangizo zina zimasankha njira potengera kumene opalasa ambiri amadutsa. Kumayiko a anthu ambiri opalasa zimenezi zimathandiza, koma kuno opalasa okhala ndi GPS ndi ochepa, ndiye kachipangizo kakhoza kukulowetsani mu msewu wa Simon Mazorodze nthawi ya makombi pomwe pali kanjira kabata kodutsa m'makomboni. Njira yabwino ndi kujambula ulendo wanu nokha pa kompyuta kapena pafoni, kapena kupempha fayilo ya GPX, yosunga njira ya ulendo, kwa amene amaidziwa njirayo, n'kuilowetsa musananyamuke. Ndipo mukapeza kanjira kosowa pa mapu, OpenStreetMap imalola aliyense kukajambulapo. Ndimalakalaka achinyamata athu a ku Highfield ndi Dzivarasekwa atamachita zimenezi, chifukwa palibe wa kunja amene adzatijambulire tinjira tathu.

Ogulitsa amakonda kutchula multi-band, kutanthauza kuti kachipangizo kamamva setilaiti pa mafunde awiri, L1 ndi L5, kuti kasasokonezeke ndi mafunde onjanja pa makoma. Edge 540, 840 ndi 1040 zili nayo, ROAM yachiwiri, Karoo ya 2024 ndi Dura chimodzimodzi. Edge 530 ilibe. Imathandiza pakati pa nyumba zitalizitali za mu msewu wa Samora Machel, pansi pa mitengo ya jakaranda ya ku Avenues, m'nkhalango ya Mukuvisi kapena ku Vumba. Pa msewu wa ku Mutoko, kumwamba kuli mbee, kusiyana kwake simungakuone, ndipo imadya batire. Si chifukwa chokwanira chotayira kachipangizo kanu kakale.

Chimene ndimachiona chofunika kuposa pamenepo ndi mabatani. M'mawa wa mu June, chisanu chili m'mafupa, zala zili m'magolovesi okhuthala, mumadina sikirini kawiri katatu osamva. Mu January mvula ya masana ikakupezani pa Arcturus Road, madontho amagwera pa galasi, tsamba n'kutembenuka lokha, manambala amene mumafuna n'kusowa. Mu September ndi fumbi lofiira losakanikirana ndi thukuta lodontha kuchokera pachibwano, chala chimangotsetsereka pa matope. Batani limamveka pansi pa chala ngakhale maso ali pamsewu, ndipo pamisewu yathu maso ayenera kukhala pamsewu. Sikirini yodina imathandiza mukaima n'kumayendetsa mapu, ndiye wokhala ndi ndalama atenge kokhala ndi zonse ziwiri. Woti asankhe chimodzi, atenge mabatani. Nyengo yomweyi imakhudzanso barometer ija. Mitambo ya mvula ikamasonkhana mpweya umasintha, kachipangizo n'kuonetsa ngati mukukwera pomwe muli pachidikha. Si kuonongeka ayi. Koma timabowo ta barometer kunsi kwa kachipangizo tikatsekeka ndi matope, manambala amasokonekeratu, choncho muzititsuka ndi madzi pang'ono, osalowetsamo singano.

Ambiri a ife tidzagula ka kaunjika, ndipo palibe chochititsa manyazi. Edge 530, 830, BOLT yachiwiri ndi ROAM zimapezeka kwa anthu amene akwera pa zatsopano, ndipo mapulogalamu ake anakhazikika kalekale. Koma mukakumana ndi wogulitsa musachite manyazi kukagwira bwinobwino. Katembenuzeni muone timapiko tiwiri ta pulasitiki tokolera pa chiwongolero. Tikakhala tong'aluka kapena todyeka, tsiku lina pa bampu kadzauluka. Tsegulani kachivindikiro ka labala ka potchajira, muone ngati kakutsekabe zolimba ndiponso ngati m'kati mulibe dzimbiri lobiriwira. Dinani batani lililonse, limodzilimodzi. Tulukani nako panja, kayatseni, mudikire kapeze masetilaiti, kenako yambitsani ulendo n'kukasiya kakuyenda theka la ola mukucheza, muone kuti batire latsika motani. Yang'anani m'mbali ngati galasi layamba kutukuka, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro cha batire lotupa. Mwini wake akachotse pa akaunti yake inu mukuona. Dziwaninso kuti 530 ndi 830 zimatchajidwa ndi chingwe chakale cha micro-USB pomwe 540, 840, 1040 ndi BOLT yachiwiri ndi za USB-C, chomwe ndi chingwe cha mafoni ambiri a masiku ano. Paulendo wautali kunyamula chingwe chimodzi n'kothandiza. Ndipo ngati mtengo watsika mokayikitsa, wogulitsa alibe katoni, alibe chingwe, sakudziwa ndi poyatsira pomwe, chokanipo. Kameneko kachotsedwa pa njinga ya mnzathu.

Mukandifunsa kuti ndisankhe, ndinena mosabisa. Kwa mlongo kapena mchimwene amene akungofuna liwiro, mtunda ndi Strava, katchipa ka Bryton, iGPSPORT kapena Magene kokhala ndi barometer n'kokwanira. Kwa wopalasa maulendo ataliatali a kumidzi kumene netiweki imathawa, Edge 540 kapena 840, kapena 530 ya kaunjika yosamalika ngati ndalama yavuta. Kwa amene mamenyu amamutopetsa ndipo amayenda njira zodziwika, BOLT kapena ROAM yachiwiri. Dura ndingaitenge chifukwa cha batire lokhalo, nditayamba ndaona ndi maso anga ikundilondolera foni ili yozima. Karoo ndi ya amene ali ndi Wi-Fi pakhomo ndipo amakonda kuona mapu okongola. Chilichonse chimene changotuluka mwezi uno, cha kampani iliyonse, ndingachisiye kaye. Muonenso ngati zimene mukuzifunazo zili zaulere, chifukwa makampani ayamba zolipiritsa pamwezi, monga Garmin Connect+ imene inayamba mu March 2025, ndipo kulipira zoterezi kuchokera kuno kumafuna khadi la madola.

Amene akukubweretserani kachipangizoko muwapemphe zinthu zingapo asananyamuke. Asunge risiti, chifukwa waranti kawirikawiri imakhala ya chaka chimodzi ndipo popanda risiti sakumverani. Atsegule katoni ali komweko, akayatse, aone kuti kakugwira masetilaiti, kuti kakakhala ndi vuto akabweze sitolo ili pafupi. Kogulidwa ku UK kapena ku America kamabwera ndi mapu a kumeneko, ndiye alowetsemo mapu a Africa pa Wi-Fi ya kwawoko, ndipo ngati malo ndi ochepa ngati mu 540, afufute a kumenekowo. Mu phukusi lomwelo aikemo chokolera cha pa chiwongolero chachiwiri ndi kachingwe komangirira kachipangizo ku chiwongolero, popeza tinthu ting'onoting'ono timeneti kuno timavuta kupeza.